Tikiti Yotchipa Ilipo, Nanga Bwanji Sitiuzidwa?

Funso: Ndatha miyezi isanu ndi itatu ndikukwera mabasi a kampani imodzi popita ndi pochokera kuntchito, ndipo ulendo uliwonse ndimalipira pawokha. Sabata yatha mnzanga ndiye wanditsina khutu kuti kampaniyi ili ndi tikiti ya sabata yonse. Nditawerengera, mtima wandiwawa. Palibe dalaivala amene anandiuzapo, pa siteji palibe cholembedwa. Kodi makampani a mabasi amabisa dala matikiti otchipa, kapena ndine amene sindinasamale?

Yankho: Musadziimbe mlandu kwambiri. Makampani amene amachita kukhala pansi n'kupangana kuti tikiti yakuti tiibise ndi ochepa. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti uthenga wa matikiti amauika pamalo poti angaupeze ndi munthu amene akuudziwa kale. Kwa inu wokwera, kubisa ndi kuika kutali n'chimodzimodzi: ndalama yatuluka m'thumba.

Njira yoyesera kampani ndi yosavuta. Tengani munthu wachilendo, mumuimike pa siteji, basi isanafike. Kodi angadziwe kuti ulendo wake ndi ndalama zingati, tikiti yomuyenera ndi iti, ndipo alipira motani, chitseko chisanatseguke? Makampani ambiri amalephera mayeso amenewa. Pa siteji mumapeza nambala ya basi, mwina ndi nthawi zonyamukira. Mitengo palibe.

Pali zifukwa zake, ndipo si zonse zachinyengo. Choyamba, siteji nthawi zambiri si ya kampani ya mabasi. Mwini wake amakhala khonsolo ya mzinda kapena kampani yotsatsa malonda imene inamanga kanyumbako, ndipo siteji imodzi amaimapo mabasi a makampani awiri kapena atatu. Womata pepala amayenera kupempha chilolezo. Chachiwiri, mitengo imasintha msanga kuposa nthawi zoyendera, ndipo pepala la mtengo wakale limabweretsa mkangano pakhomo la basi, choncho ena amasankha kusamata n'komwe. Chachitatu ndi kukula kwa ndandanda. Ngati mtengo umakwera malinga ndi mtunda, ndipo msewu wagawidwa m'zigawo 20, ndiye kuti pali maulendo 190 osiyanasiyana oti alembedwe mtengo. Zimenezo sizikwana pa kapepala ka pa siteji. Koma chifukwa chachitatuchi n'chopepuka, chifukwa munthu amene waima pa siteji safuna mitengo 190. Akufuna mitengo yochokera pomwe waimapo, imene siposa 19, ndi mzere umodzi wonena za tikiti ya tsiku ndi ya sabata.

Ndiye makampani amatsatsa kuti? M'kati mwa basi. Yang'anani pamwamba pa mawindo kapena kuseri kwa mpando wa dalaivala, mupeza chithunzi chokongola cha tikiti ya mwezi. Vuto n'lakuti amene akuchiwerenga walipira kale. Mmawa uno watha, ndipo pofika mawa waiwala. Kunja kwa basi kumene anthu onse a mumsewu akanaona, malo amagulitsidwa kwa otsatsa sopo ndi mafoni, chifukwa amenewo amabweretsa ndalama yooneka mwezi womwewo. Kampani ikalembapo zake, imakonda mawu oti "kuyambira pa", n'kuika mtengo wotsikitsitsa, umene mwina ndi wa mwana wa sukulu wogula pafoni m'chigawo chimodzi chokha. Munthu akafika pakhomo n'kuuzidwa mtengo wina, saikhulupiriranso kampaniyo ngakhale tsiku limene ikunena zoona.

Mwadandaula za dalaivala, ndipo apa m'pofunika kudekha. M'mabasi amene mulibe kondakitala, dalaivala yemweyo ndiye woyendetsa, wodula matikiti, wopereka chenji ndi woyankha mafunso, kwinaku bwana wake akumuyeza ndi wotchi. Atati azitha masekondi 20 kufotokozera munthu aliyense za matikiti, anthu 30 amudyera mphindi 10 pa ulendo umodzi. Basi imachedwa, yam'mbuyo imaipeza, ziwiri zimayenda motsatana pamene anthu ena kutsogolo akupsa ndi dzuwa. Choncho dalaivala amadula chimene mwapempha. Mukanena dzina la kumene mukupita, iye amamva kuti mukufuna tikiti ya ulendo umodzi. Makina ake nawo anakonzedwa chomwecho: batani la ulendo umodzi lili poyera, tikiti ya sabata ili pa tsamba lachiwiri kapena lachitatu, ndipo matikiti osowasowa madalaivala ena atsopano sanawadulepo chiyambire ntchito. Akale anati safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa chinthu chimene akuganiza kuti chilipo. Inu simukanafunsa za tikiti imene simunamvepo. Kampani yosamala siuza dalaivala kuti azilalikira mitengo, imangomuphunzitsa funso limodzi la mawu awiri: "Mubwerera lero?" Funso limeneli silitenga masekondi atatu, koma limagwira anthu ambiri amene akanagula tikiti yolakwika.

Tsopano pa funso lanu lenileni, loti pali dala kapena ayi. Yankho limadalira amene amatenga ndalama ya tikiti.

Pali njira ziwiri zoyendetsera mabasi a mumzinda. Pa yoyamba, boma la mzinda ndilo limaika mitengo ndi kutolera ndalama, ndipo makampani amalipidwa malinga ndi mtunda umene ayenda ndi kusunga nthawi. London imayenda chonchi pansi pa bungwe la Transport for London. Kampani yoyendetsa basi kumeneko ilibe chotaya inu mukalipira zochepa, ndipo mtengo ndi umodzi mumzinda wonse, basi ikhale ya kampani iti. Pa njira yachiwiri, kampani imaika mitengo yake n'kusunga zimene yatolera. Madera a England a kunja kwa London analowa m'njira imeneyi mu 1986, ndipo Greater Manchester inayamba kubwerera ku njira yoyamba ija mu September 2023 ndi mabasi a Bee Network. M'njira yachiwiriyi, munthu ngati inu ndi wamtengo wapatali momwe mulilimu. Mumakwera tsiku lililonse, mumalipira mtengo wapamwamba, simudandaula. Mukasamukira ku tikiti ya sabata, maulendo anu sawonjezeka kwenikweni, koma ndalama imene kampani imalandira kwa inu imatsika. Palibe woyang'anira malonda amene anganene zimenezi poyera, koma zimafotokoza chifukwa chake changu chokuuzani chimachepa.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina. Tikiti ya sabata kapena ya mwezi imapindulira kampani m'njira zitatu: ndalama imabwera ulendo usanachitike, wokwera amalowa msanga poti palibe zodikira chenji, ndipo sangakwere basi ya kampani ina ngakhale itabwera patsogolo. Choncho kumene kuli mpikisano, makampani amatsatsa matikiti awo a sabata mwamphamvu ndithu. Kumene kuli kampani imodzi yokha pa msewu, ngati momwe zikuonekera kwa inu, palibe chowathamangitsa.

Tikiti imene imakhaladi mwana wamasiye ndi ija yolola kukwera mabasi a makampani onse. Ndalama yake imalowa m'thumba limodzi n'kugawidwa pambuyo pake malinga ndi chiwerengero cha okwera kapena mtunda, ndipo kampani iliyonse imaona kuti ikulandira zochepa kuposa zimene ikanapeza pa tikiti yakeyake. Imagulitsa poti pangano likuikakamiza, koma pa tsamba lake la pa intaneti mumaipeza pansi penipeni, m'zilembo zing'onozing'ono. Ku Britain kuli tikiti yotchedwa PlusBus, yowonjezera pa tikiti ya sitima kuti mukatsika mukwere mabasi a m'tauniyo tsiku lonse. Ndi yabwino, koma ili pakati pa eni awiri: a sitima amaiona ngati ya mabasi, a mabasi sayigulitsa m'basi mwawo. Chinthu chokhala ndi eni ambiri palibe amachiyankhulira.

Nthawi zina amene amatsekereza uthenga ndi antchito enieniwo. Ku Nairobi, Google ndi Equity Bank anayambitsa khadi yolipirira ya BebaPay mu 2013, ndipo inatha mu 2015. China chimene chinaigwetsa n'chakuti madalaivala ndi makondakitala ambiri malipiro awo a tsiku ankachokera mu ndalama ya pamanja, ndiye khadi inkawalanda chakudya pakamwa. Munthu sangatsatse chinthu chimene chikumusaukitsa. Kampani iliyonse imene ikufuna kuti antchito ake azilimbikitsa matikiti olipiriratu iyenera kuyamba yaona momwe antchitowo amalipidwira.

Palinso vuto limene si la ndalama ayi, koma la mayina ndi matanthauzo. Matikiti amapatsidwa mayina okometsera amene sanena kanthu, ndipo dzina likamveka bwino, tanthauzo lake limasiyana kampani ndi kampani. "Tsiku" kwina ndi maola 24 kuchokera pamene mwagula, kwina limatha ndi basi yomaliza ya usiku, ndipo ku London tsiku la matikiti limayamba 4:30 mbandakucha. Wogwira ntchito ya usiku akapanda kudziwa zimenezi amagula matikiti a tsiku awiri pa ulendo umodzi wopita ndi kubwera. "Sabata" kwina ndi masiku asanu ndi awiri kuchokera tsiku logula, kwina ndi Lolemba mpaka Lamlungu, moti wogula Lachinayi walipira sabata yathunthu pa masiku anayi. Chopusitsa anthu ambiri ndi tikiti ya masabata anayi. Imaoneka yotchipa kuposa ya mwezi, koma masiku 28 amalowa ka 13 m'chaka, osati ka 12. Musanasankhe, chulukitsani mtengo wa yoyamba ndi 13, wa yachiwiri ndi 12, ndiye mufananize. Malire a zigawo nawo ndi msampha: mapu amasonyeza mzere wokhuthala wodutsa pakati pa masiteji awiri osatchula kuti siteji yomaliza ya chigawo ndi iti.

Za pa intaneti ndi mapulogalamu a pafoni tinene mwachidule. Makampani ambiri amati zonse zili pamenepo, ndipo n'zoona kuti zilipo. Koma tsambalo limayalidwa malinga ndi mayina a matikiti, pamene wokwera amaganiza malinga ndi ulendo wake: ndimachokera apa, ndimapita apo, kangapo pa sabata. Tsamba labwino limafunsa mafunso atatu amenewa n'kukupatsani yankho limodzi. Choipa kwambiri ndi mitengo yotsika imene imapezeka pafoni pokha, chifukwa okalamba ndi osauka, amene akufunikira kwambiri kupulumutsa ndalama, ndiwo amatsala akulipira mtengo wapamwamba. Ku England lamulo la Bus Services Act la 2017 linatsegula njira yokakamiza makampani kufalitsa nthawi zoyendera ndi mitengo m'njira yoti makompyuta aziwerenga, kuti opanga mapulogalamu azitha kufananiza. Zimathandiza, koma kufalitsa si kufotokoza.

Popeza simungadikire kuti kampani isinthe, dziwerengereni nokha. Pali nambala imodzi yofunika: maulendo angati amene amabweza mtengo wa tikitiyo. Gawani mtengo wa tikiti yaikulu ndi mtengo wa ulendo umodzi. Tiyerekeze, mu ndalama ya dziko lililonse, kuti ulendo umodzi ndi 10, tikiti ya tsiku ndi 25, ya sabata ndi 90, ya mwezi ndi 320. Ya tsiku imayamba kupindula pa ulendo wachitatu, ya sabata imafanana ndi maulendo 9, ya mwezi ndi maulendo 32.

Munthu wokwera basi imodzi popita ndi imodzi pobwera, masiku asanu pa sabata, amalipira 100 akamadula ulendo ndi ulendo. Tikiti ya sabata imamupulumutsira 10 yokha, ndipo akadwala tsiku limodzi kapena kukakhala holide, akanalipira 80, ndiye wataya 10. Kwa munthu ameneyu tikiti ya sabata imapindula pokhapokha ngati amakweranso Loweruka kapena madzulo. Ya mwezi ndiyo yomuyenera: mwezi wa masiku ogwira ntchito 22 ndi maulendo 44, omwe ndi 440, ndiye wasunga 120. Koma amene amasintha basi panjira, ziwiri popita ziwiri pobwera, nkhani yake ndi ina. Pa tsiku amalipira 40 pamene ya tsiku ndi 25, pa sabata 200 pamene ya sabata ndi 90. Amenewa ndiwo amadyeredwa masuku pamutu kwambiri uthenga ukasowa, ndipo kawirikawiri ndi anthu okhala kutali chifukwa nyumba za pafupi zawadulira. Wopita kuntchito masiku atatu okha pa sabata, maulendo 6, asakhudze ya sabata. Afunse ngati kuli mtolo wa matikiti khumi ogulira pamodzi, ndipo afunsenso kuti mtolowo umatha mphamvu liti, chifukwa phindu lonse limathera m'matikiti awiri otsala amene nthawi yawo yadutsa.

Werengerani ndi maulendo amene munayendadi mwezi watha, osati amene mukuganiza kuti mudzayenda. Anthu ambiri amadziwonjezera.

Mizinda imene yachita bwino pa nkhaniyi sinapambane ndi zikwangwani zambiri. Inachepetsa zinthu zofunika kufotokoza. Vienna, likulu la Austria, mu 2012 inatsitsa tikiti ya chaka kufika pa mayuro 365, kuti aliyense azinena yekha kuti yuro imodzi pa tsiku. Mtengowo unali wodzitsatsa wokha. Germany mu June, July ndi August 2022 inagulitsa tikiti ya mayuro 9 pa mwezi yokwerera mabasi ndi sitima za m'madera m'dziko lonse, ndipo anagulitsa matikiti pafupifupi 52 miliyoni. Kutchipa kunathandiza, inde, koma chinanso n'chakuti panalibe mapu a zigawo oti munthu aphunzire. Imene inalowa m'malo mwake mu May 2023, Deutschlandticket, inayamba pa mayuro 49 n'kukwera kufika pa 58 mu January 2025. Iyi ili ndi msampha wake umene otsatsa sakweza mawu pounena: imadzikonzanso yokha mwezi ndi mwezi, ndipo wofuna kusiya ayenera kutero pofika pa 10 mweziwo, apo ayi mwezi wotsatira amudula ndalama. Alendo ambiri amakodwa pamenepo.

Njira imene imathetseratu vuto lanu ndi yoika malire a zimene mungalipire. Mumangogunditsa khadi pa makina ulendo uliwonse, kompyuta imawerengera, ndipo ndalama zikafika pa mtengo wa tikiti ya tsiku kapena ya sabata imasiya kukudulani. London inayambitsa khadi ya Oyster mu 2003, inaika malire a tsiku mu 2005, inalola makhadi a kubanki m'mabasi mu December 2012, ndipo inasiya kulandira ndalama ya pamanja m'mabasi mu July 2014. Mu September 2016 inawonjezera mtengo wa Hopper, woti mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso. New York inayamba zofanana mu February 2022 pa njira yake yolipirira ya OMNY: mukalipira maulendo 12 pa sabata, otsalawo ndi aulere. Ubwino wake waukulu ndi kwa munthu amene sangakwanitse kutulutsa ndalama ya sabata yonse Lolemba mmawa. Amalipira pang'onopang'ono koma amafika pa mtengo womwewo ndi wolemera.

Ngakhale pamenepa pali zofunika kulengeza zimene zimaiwalika. Malirewo amawerengera khadi imodzi. Mukagunditsa khadi mmawa, madzulo n'kugunditsa foni imene muli khadi yomweyo, makina amaziona ngati anthu awiri ndipo malire simuwafika. Ku London khadi imodzi siyilipirira anthu awiri. Kumene mtengo umadalira mtunda, muyenera kugunditsanso potsika, ndipo mukaiwala amakudulani ngati mwafika kumapeto kwa msewu. Ndipo ngati makampani a mumzinda sanagwirizane, aliyense amakhala ndi malire akeake, moti wokwera mabasi a makampani awiri sapindula kanthu.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mitengo yasintha. Boma la Britain litaika malire a mapaundi 2 pa ulendo umodzi wa basi ku England mu January 2023, m'misewu ina italiitali matikiti awiri a ulendo umodzi anakhala otchipa kuposa tikiti yopita ndi kubwera, ndipo anthu ena a tikiti ya sabata akanapindula atabwerera kodula ulendo ndi ulendo. Malirewo atakwera kufika pa mapaundi 3 mu January 2025, masamu anatembenukanso. Wokwera amene anazolowera kunena mawu omwewo pakhomo la basi sadziwa kuti tikiti yake yasanduka yodula. Choncho masamu aja muwabwereze nthawi iliyonse mukamva kuti mitengo yasintha.

Za ndalama za miyezi isanu ndi itatu ija, musayembekeze zambiri. Matikiti amene munagula anali ovomerezeka ndipo munayendadi, choncho n'zokayikitsa kuti kampani ili ndi ngongole kwa inu pa lamulo, ngakhale ena amapereka tikiti yaulere pofuna kupepesa. Kalata yodandaula ndi yofunikabe, koma ikhale yolunjika. Tchulani nambala ya basi, masiteji amene mumakwerera ndi kutsikira, ndipo nenani kuti pa siteji, pakhomo la basi ndi pa lisiti palibe paliponse pamene tikiti ya sabata yatchulidwa. Pemphani zinthu zoti angachite mawa lomwe: mzere umodzi pansi pa lisiti iliyonse wonena mtengo wa tikiti ya tsiku ndi ya sabata, ndi chomata pa galasi la pafupi ndi chitseko choyang'ana kunja, kumene anthu a pamzere angachiwerenge. Ngati mumzinda mwanu muli bungwe loyang'anira za mayendedwe kapena loimira okwera, litumizireni kalata yomweyo.

Musanagule tikiti ya sabatayo, imbani foni ku ofesi ya kampani kapena pitani pawindo la ku depoti nthawi imene kulibe mzere. Musafunse kuti "muli ndi matikiti anji", adzakuwerengerani mayina khumi. Auzeni ulendo wanu wonse, kumene mumachokera, kumene mumapita, masiku angati pa sabata ndi ngati mumasintha basi, kenako funsani kuti yotchipa kwambiri pa ulendo umenewo ndi iti. Funsaninso ngati sabata yawo imayamba tsiku logula kapena Lolemba, ngati tikitiyo imagwira m'mabasi a usiku ndi a makampani ena, ndi chimene amachita ikatayika kapena foni ikazima batire woyendera matikiti atalowa m'basi.